Thewera Lotaya ndi Masamu a Pakhomo

Pa okala iliyonse ya ku Ndirande, ku Kawale kapena ku Chibavi, pambali pa timatchubu ta mafuta ophikira ndi timapaketi ta sopo waufa, masiku ano pamalendeweranso matewera otaya, amene tonse timangowatchula kuti mapampasi posayang'ana kuti wapanga ndani. Mwini okala amaoda chiphukusi chachikulu n'kuching'amba kuti azigulitsa limodzilimodzi. Kale katundu ameneyu anali wa kumayadi, koma lero mayi wogulitsa tomato amagula limodzi pochoka kumsika madzulo, ndipo mphatso ya mayi wotuluka m'chikuta sikwanira ngati mulibe paketi yake. Amayi akuluakulu amapukusa mitu, amvekere atsikana a lero ndi alesi, ife tinalera ana asanu ndi atatu ndi matewera khumi okha. Nawo atsikanawo amayankha kuti agogo analibe bwana wowadikira 7 koloko m'mawa. Mkanganowu sutha chifukwa mbali zonse zikulimbana pa za khalidwe, chonsecho nkhani yake ndi ya masamu, ndipo masamuwo ndi omwewo amene amafunika pa katundu aliyense wobwera ndi lonjezo loti atipeputsira ntchito ya pakhomo.

Wogula katundu wotere akulipira kuti ntchito inayake ichoke m'manja mwake. Choncho ayenera kudziwa kukula kwa ntchito yochokayo, mwini wake wa manja amene ikuchokamo, komanso ngati ikuchokadi kapena ikungosamukira kwa munthu wina. Muyeso wabwino tili nawo kale m'midzi mwathu momwemu. Kuchigayo timalipira pamene mtondo ndi munsi n'zaulere, koma palibe amene lero angamunene mayi wosenza chimanga kupita kuchigayo kuti ndi mlesi. Kukonola, kupeta, kuviika mphale, kusinja ndi kusefa zinkadya masiku ndi misana ya amayi. Chigayo chinachotsa gawo lolemera kwambiri la ntchitoyo pa mtengo umene mabanja ambiri amaukwanitsa, ndipo sichisiya chinyalala, poti madeya otsalawo nkhuku ndi nkhumba zimadya. Katundu wofika pamenepo ndi woyenera ndalama yake. Thewera lotaya limafikapo pa maola ena a tsiku ndi miyezi ina ya chaka, koma likakhala la tsiku ndi tsiku m'banja la ndalama zoperewera, limadya zambiri kuposa zimene limabweza.

Ntchito ya thewera lansalu si yamasewera, ndipo amene amaichepetsa kawirikawiri ndi amene sanachapepo. Khanda limanyowetsa matewera 5, 6 kapena kuposa apo pa tsiku. Lililonse liyenera kukutumulidwa kuchimbudzi, kuviikidwa mu ndowa yovindikira, kuchapidwa ndi sopo, kutsukuluzidwa kawiri kapena katatu kuti sopo wotsalira asayabwe mwana, kenako kuyanikidwa pachingwe. Likauma ntchito sinathe, liyenera kusitidwa. Kusitako si kwa matama ayi. Kuli ntchentche imene imaikira mazira pa nsalu yachinyezi yonunkha mkodzo, makamaka yoyanikidwa pansi kapena pamthunzi, ndipo mphutsi zake zimaboola khungu la mwana n'kuchita zithupsa zokhala ndi kabowo pakati. Simbi yamoto ndiyo imapha mazirawo, ndiye kuti makala kapena mayunitsi a magetsi alowanso pa mtengo. Madzi nawo sabwera okha. Mu 2016 bungwe la UNICEF linanena kuti ku Malawi amayi otunga madzi amathera pafupifupi mphindi 54 pa ntchitoyi, pamene abambo amathera mphindi 6 zokha. M'makwalala a m'tauni madzi amagulidwa pa ndowa pakiyosiki, mpopi ukauma n'kukagula kwa ena pa mtengo wokwera. Ndiye kubwere mvumbi wa mu Januwale, kapena chiperoni cha mu Juni ku Thyolo ndi ku Mulanje: chingwe chimasamukira m'nyumba, matewera amagona osauma, ndipo ena amafika powaumitsa pamwamba pa mbaula. Munthu amene wagula thewera lotaya sabata yoteroyo sanapusitsidwe ndi wina aliyense.

Ngakhale kumene linachokera, linayambira pa kutopa komweku. Mu 1946 mayi wina wa ku America, Marion Donovan, atatopa n'kuchapa zofunda zimene mwana wake ankanyowetsa, anasoka kabudula wosalowa madzi pogwiritsa ntchito katani ya kubafa, ndipo patapita zaka zochepa anayamba kumugulitsa m'sitolo ku New York. Kampani ya Procter & Gamble inatulutsa Pampers mu 1961, ntchito imene anaitsogolera ndi injiniya wake Victor Mills. Poyesa msika mu mzinda wa Peoria, thewera limodzi linali masenti 10. Amayi analikonda koma sanaligule mokwanira, mpaka kampaniyo inakonza makina ake n'kutsitsa mtengo kufika pa masenti 6. Amayi a dziko lolemera chomwecho anawerengera kaye asanasiye nsalu. M'zaka za m'ma 1980 opanga anayamba kuikamo ufa wotchedwa sodium polyacrylate, umene umamwa mkodzo wochuluka n'kutupa osaubwezanso. Ndi umenewo umachititsa kuti thewera likhale lopyapyala koma mwana n'kugona usiku wonse ali wouma, ndipo ndi womwewonso umene timauona utamwazika ngati timibulu toterera agalu akang'amba thewera kudzala.

Masamu a kwathu ndi awa. Mwana wosintha matewera 5 pa tsiku kwa zaka 2 amamaliza matewera 3,650. Mitengo ikusintha mwezi ndi mwezi, ndiye tingoyerekeza kuti limodzi ndi K500: zonse pamodzi zikukwana K1,825,000 pa mwana mmodzi, ndipo mng'ono wake akabadwa amayambiranso pa ziro. Aliyense aikepo mtengo wa pa okala ya kwawo n'kuchulukitsa yekha. Mbali inayi kuli madazeni awiri a matewera ansalu, mapini, akabudula apulasitiki angapo ndi ndowa, zogula kamodzi, kenako sopo, madzi ndi makala za sabata ndi sabata. Ngakhale titawerengera zimenezi mosaumira, sizifika pafupi ndi chiwerengero chija, ndipo nsaluyo imalera mwana wachiwiri isanathere kukhala chikolopa. Palinso kusiyana kwina kumene sikuoneka pa tsiku logula. Matewera otaya ambiri amachokera kunja, ndipo ngakhale opangidwa m'maiko oyandikana nafe, pulasitiki ndi ufa womwa madzi uja zimagulidwa ndi madola. Kwacha itagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwetsedwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, banja lodalira mapampasi linamva kuwawa pa thewera lililonse kuyambira pamenepo, pamene amene anagula kale nsalu anamva pa sopo pokha. Kuzolowera katundu wotaya ndi kumanga bajeti ya khanda ku mtengo wa dola, umene palibe mayi kapena bambo angaulamulire.

Choipa kwambiri n'chakuti wosauka ndiye amagula modula. Wamalipiro a pamwezi amatenga chiphukusi chonse ku sitolo yaikulu kapena koodetsa, thewera lililonse n'kumutsikira mtengo. Wodya za lero lomwe amagula limodzi pa okala, pamene mwini okala waikapo kale phindu lake, monga zimakhalira ndi kajumbo ka ufa kaja ka wokimani, kamene ukakaphatikiza mwezi wonse kamaposa mtengo wa thumba. Ndiye poti ladula, mayi amalikoka. Thewera lopangidwira maola ochepa limavalidwa kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa, litalemera mpaka kulendewera m'mawondo, ndipo ena amatsukako pamwamba n'kuliyanika kuti livalidwenso. Apa phindu lonse limene analipira lija latha. Khungu la mwana silisamala kuti thewera ndi lansalu kapena la m'sitolo: likakhalitsa pa mkodzo ndi chimbudzi limafiira n'kusupuka, ndipo mankhwala ake oyamba ndi kusintha pafupipafupi, kutsuka ndi madzi oyera ndi kumusiya mwana apitidwe mphepo. Thewera lotaya losinthidwa pa nthawi yake limasungadi khungu louma kuposa nsalu, ndipo zimenezi sitingakane. Koma matewera awiri otaya pa tsiku amagonja kwa matewera 6 ansalu osinthidwa msangamsanga. Katundu wopeputsa ntchito amagwira bwino kwa amene angakwanitse kumugwiritsa ntchito monga anamupangira, ndipo kwa amene akuchita kumutalikitsa amasanduka ndalama yotayika pamodzi ndi ulendo wa kuchipatala.

Wina anganene kuti masamu onsewa akuona ngati nthawi ya mayi ndi yaulere, ndipo wotero wanena zoona zimene amuna ambiri sitifuna kumva. Nsalu imaoneka yotchipa m'buku la bambo chifukwa amene amawerama pabeseni salandira malipiro. Mayi wa geni amene wachedwa ola limodzi kukaoda ndiwo m'mamawa wapeza zabwino zitatha kale. Namwino wa usiku kapena mphunzitsi wosiya mwana kwa mlezi ali ndi ola limene lili ndi mtengo wodziwika, ndipo malo ambiri osungirako ana m'tauni amafuna mwana abwere ndi matewera otaya. Kwa amenewa ndalama ya mapampasi ikhoza kubwerera yokha. Ngakhale kwa mayi wosakhala pa ntchito yolembedwa, tulo ta usiku umodzi wosadzuka katatu kukasintha zofunda si chinthu chonyozeka, makamaka m'masabata oyamba thupi lisanabwerere m'malo. N'chifukwa chake mawu oti ulesi sathandiza chilichonse pa nkhaniyi. Komabe mfundo imeneyi ili ndi malire ake. Nthawi imasanduka ndalama pokhapokha ngati pali poigulitsa, ndipo m'banja limene thewera lililonse likupikisana ndi dzira kapena phala la mwana yemweyo, ola lopulumutsidwalo lagulidwa ndi chakudya chake. Komanso ngati vuto ndi lakuti kuchapa konse kwagwera munthu mmodzi, njira yotchipa kuposa zonse ndi yakuti bambo atenge zigubu apite kumjigo, kapena agwire simbi madzulo. Mabanja ambiri amapeza kosavuta kugula paketi kusiyana n'kukambirana zimenezo.

Funso loti ntchito ikuchokadi kapena ikungosamuka ndi limene thewera lotaya limalephera kwambiri kwathu kuno. Ku Britain bungwe la boma loona za chilengedwe linapeza mu 2008 kuti mpweya wotenthetsa dziko wochokera ku matewera otaya a mwana mmodzi pa zaka ziwiri ndi theka unali pafupifupi makilogalamu 550, pamene wa matewera ochapa unali 570. Okonda mapampasi amatchula zimenezi ngati umboni woti zonse n'chimodzimodzi. Koma nsalu ya ku Britain inkachapidwa m'makina ndi madzi otenthetsa ndi magetsi, ina n'kuumitsidwanso ndi makina, ndipo lipoti lomwelo linasonyeza kuti kuyanika panja ndi kulerera mwana wachiwiri nsalu yomweyo kumatsitsa kwambiri chiwerengerocho. Kuchapa pamanja n'kuyanika padzuwa ndi nkhani ina. Chachikulu kuposa apo n'chakuti kumeneko galimoto ya zinyalala imafika pakhomo lililonse. Kuno galimoto za khonsolo zopita kudzala la Mzedi ku Blantyre kapena ku Area 38 ku Lilongwe sizilowa m'malo ambiri okhala anthu ochuluka, kumene ngakhale msewu woti zidutsemo kulibe. Thewera logwiritsidwa ntchito silipsa chifukwa ndi lonyowa, siliola chifukwa ndi lapulasitiki, ndipo likaponyedwa m'chimbudzi chokumba limadzazitsa dzenje msanga n'kutseka mapaipi a odzapopa. Mapeto ake limapezeka m'ngalande, pansi pa milatho ndi mu mtsinje wa Mudi kapena wa Lilongwe, chimbudzi cha mwana chili momwemo.

Ambiri timakhulupirira kuti chimbudzi cha khanda n'chosaopsa, chonsecho chimanyamula tizilombo ta matenda otsegula m'mimba ngati cha wamkulu yemwe. Ofufuza a ku University of Stirling ku Scotland pamodzi ndi anzawo a ku Malawi analemba mu 2023 kuti kutaya matewera otere pa milu ya zinyalala kukufanana ndi kudzithandiza patchire, kungoti kukuchitika kudzera m'thewera. Midzi yathu yakhala zaka zambiri ikulimbikitsidwa kukumba zimbudzi, mafumu akulandira ulemu pothetsa mchitidwe wopita kutchire, ndiye taonani chimbudzi chomwecho chikubwerera pabwalo chitakulungidwa bwinobwino. Dziko limene linataya anthu oposa 1,700 ndi kolera wa 2022 mpaka 2023 silingaone zimenezi ngati nkhani ya kukongola kwa tauni chabe. Ntchito imene mayi wa kumtunda waipewa yapita kwa mayi wa kumunsi amene akuchapa ndi kutsuka mbale mu mtsinje womwewo, ndi kwa anyamata amene amafukula ngalande mvula ikasefukira. Mtengo umenewo sunalembedwe pa paketi.

Pali amene amati boma lingoletsa basi. Dziko la Vanuatu linalengeza mu 2019 kuti liletsa matewera otaya, koma linabwerera m'mbuyo makolo ndi magulu a amayi atadandaula kuti mtolo wonse ugwera iwo. Kwathu lamulo loletsa mapulasitiki opyapyala osafika mamaikironi 60 linabwera mu 2015, khoti lalikulu la apilo linaligwirizira mu 2019, koma timajumbo tija sitinasowe pamsika. Ngati kajumbo kativuta chomwechi, chinthu chimene mayi wotopa amachifuna pakati pa usiku sichingachoke ndi chikalata. Chanzeru n'chakuti oitanitsa ndi ogulitsa matewerawa azisonkha nawo ndalama yotolera zinyalala zake, makhonsolo n'kuika malo otayirako m'misika ndi m'zipatala, ndiponso kuti kusikelo azamba ndi alangizi a zaumoyo aziphunzitsa katayidwe kake monga amaphunzitsira za katemera ndi kuyamwitsa.

Muyeso womwewu ukapita pa katundu wina wa m'nyumba, zambiri zimadziweruza zokha mwachangu. Nsinjiro zogula zosinjasinja zimachotsa ntchito yeniyeni pa ndalama yochepa. Sopo waufa amathandizadi poviika zovala zakuda kwambiri, ngakhale wa timapaketi ting'onoting'ono amadula kuposa wa paketi yaikulu. Gasi amafuna ndalama yambiri poyamba, ya silinda ndi chitofu, koma amachotsa kukoleza, utsi ndi mwaye wa pamapoto tsiku lililonse, ndipo zimene amapulumutsa zimaoneka. Timapepala tonyowa topukutira mwana n'tothandiza mu minibasi, koma pakhomo pamene pali madzi ndi kansalu palibe ntchito imene tikuchotsa. Mankhwala ofewetsa zovala, opopera kuti m'nyumba muzinunkhira, ndi mabotolo osiyanasiyana a pansi, a pagalasi ndi a pasinki sachotsa ntchito iliyonse, amangobweretsa ntchito yatsopano ndi ndalama yatsopano. Katswiri wa mbiri yakale Ruth Schwartz Cowan anasonyeza m'buku lake la 1983, More Work for Mother, kuti zipangizo zambiri za m'nyumba ku America sizinachepetse maola a amayi, chifukwa zitafika anthu anayamba kuyembekezera zovala zoyera kwambiri ndi nyumba yowala kwambiri kuposa kale, pamene ntchito zimene abambo ndi ana ankathandiza zinatha. Otsatsa malonda amadziwa bwino kuti mayi woopa kunenedwa uve ndi kasitomala wosavuta.

Amayi ambiri a m'tauni, popanda wowalangiza, anafika kale pa njira imene masamuwa akuloza: nsalu masana pakhomo, lotaya usiku, paulendo, kutchalitchi, kusikelo, kumaliro, mwana akatsegula m'mimba kapena mvula ikakana kukata. Thewera limodzi pa tsiku m'malo mwa 5 limatsitsa chiwerengero chija kuchoka pa 3,650 kufika pa 730, ndipo ndalama yake ikupita pa maola amene nsalu imavutitsa kwambiri. Wokwanitsa agule chiphukusi chonse, kapena amayi angapo a banki m'khonde asonkherane n'kugawana, kusiyana n'kumaperekera phindu la okala tsiku ndi tsiku. Ndipo lililonse likatha ntchito, chimbudzi chake chikutumulidwe m'chimbudzi, thewera likulungidwe n'kumatidwa ndi timalamba take, lisungidwe m'chidebe chovindikira mpaka litapita ku galimoto ya zinyalala kapena kukwiriridwa m'dzenje lakuya kutali ndi chitsime, kumene galu ndi nkhumba sizingafukule, kenako m'manja musambidwe ndi sopo. Imeneyonso ndi ntchito ya mphindi zingapo pa thewera lililonse, kuphatikizapo tsiku lokumba dzenje, ndipo wowerengera mtengo wa mapampasi aiwonjezere pa ndalama imene wapereka pa okala.